Khoma la Bushra Kumanda

Khwawa lomwe limatsika m'phiri la Zomba n'kudzakhota pamanda a Asilamu kumtunda kwa Sadzi kale linali kangalande chabe, koti mbuzi inkalumpha ikutafuna. Namondwe wa Freddy atadutsa, linasanduka chiphompho choti munthu wamtali akatsikiramo ankabisika ndi chipewa chomwe. Chaka chotsatira mvula inakana, chimanga chinapserera chisanamasule, koma timvula towerengeka tomwe tinagwa tinabwera mwaukali, ndipo kalikonse kankaluma gombe n'kulisendeza kufupi ndi mitumbira. Pamzere woyamba wa kugombeko ndi pomwe anagona Shamsu, mwamuna wa Bushra.

Zoti Shamsu ali pamzere umenewo Bushra ankazidziwa chifukwa chomva, osati kuona. Kwawoko mkazi saperekeza maliro kumanda. Tsiku lomwe anaika Shamsu, iye anatsala pakhonde ndi amayi anzake, maso ali pa jeneza, chonyamulira maliro, lomwe linkayenda pamapewa a amuna mpaka linakhota kuseri kwa mzikiti. Amunawo anabwerako ndi dothi lofiira kumapazi n'kumuuza kuti mnzawo wagona bwino. Nthawi imeneyo Bushra sanaone cholakwika. Amayi ake sanaonepo manda a bambo ake, agogo akenso chimodzimodzi, ndipo palibe anadwala nazo. Kungoti nthawi ya amayi akeyo manda ankakhala pomwe awasiya.

Ntchito ya Bushra inali yotsitsa nkhuni m'phiri. Anayamba ali mtsikana, ndipo ngakhale tsopano, ana atakula n'kupita kwawo, ankakwerabe m'mamawa n'kutsika ndi mtolo wa nthambi za paini wautali kuposa iye mwini, kukagulitsa kwa okazinga mandasi ndi tchipisi m'tauni. Khosi lake linali lodziwika. Pakamwa pakenso panali podziwika, moti Shamsu, telala wofatsa yemwe ankatha tsiku lonse atanena mawu osakwana dzanja, ankakonda kuuza anzake kuti iye anakwatira wailesi yopanda pozimitsira. Njira ya Bushra yotsikira m'phiri inkadutsa tsidya lina la khwawalo, ndipo tsiku lililonse ankaima pamenepo, mtolo uli pamutu, kuyang'ana mitumbira ya patsidya asakudziwa woti aupatse moni.

Chaka chimenecho kunatentha moti nkhalamba zinasiya kudzitama kuti zinaonapo zoposa apa. Okutobala anawamba anthu, Novembala n'kudzawatembenuza kuti apse mbali inayo. Nkhuku zinkafa m'makola zitayasama, mipopi inkangofwenthera mphepo, ndipo ngakhale pamwamba paphiri, pomwe anthu a ndalama amathawira kukafuna kamphepo kozizira, udzu unali wouma woti ukaponda umathetheka. Pawailesi akuluakulu a zanyengo ankafotokoza kuti nyanja yamchere ya ku Mozambique ikutentha kuposa kale, kuti madzi otenthawo ndiwo amanenepetsa anamondwe, ndiponso kuti dziko likamatentha chonchi mvula imachedwa, koma ikabwera imafuna kukhuthula ya mwezi wonse tsiku limodzi. Kale ankati Napolo, chinjoka cha m'phiri chomwe chimatsika ndi madzi ndi miyala, amatuluka kamodzi pa moyo wa munthu. Masiku ano zikuoneka kuti analembedwa ntchito ndipo safuna kujomba.

Tsiku lina masana akutsika, Bushra anaona mng'alu watsopano pamwamba pa gombe la kumanda. Dothi louma linali litang'ambika motsatira mzere wonse wa mitumbira, ndipo mizu ya mtengo wa m'mbalimo inali lende pamphepo. Sanafune wina womumasulira. Mvula yamphamvu ikangolowa mumng'alu umenewo, mzere wonse utsetserekera m'khwawa. Anakatula nkhuni kunyumba, osamwa ndi madzi omwe, n'kulunjika kwa a Idrissa.

A Idrissa anali akulu ake a Shamsu, komanso ndiwo ankatsogolera amuna okumba manda. Bushra anawapeza pansi pa mtengo wa mango akudzikupiza ndi chikatoni. Bushra anagwada, anapereka salamu, anafunsa za ana ndi za bondo lawo lovuta lija, kenako n'kutula chomwe anabwerera. A Idrissa anamvetsera maso ali pansi. Anati nkhaniyo akuidziwa, komiti ya mzikiti inakhala kale pansi, ndipo bungwe lina linalonjeza mawaya omangira miyala m'mbali mwa khwawa, kwangotsala kudikira. Bushra anawakumbutsa kuti mawaya omwewo analonjezedwa chaka cha Freddy, ndipo akanakhala kuti ananyamuka wapansi ku Lilongwe bwenzi pano atafika n'kupuma. A Idrissa anati zonse zili m'manja mwa Mulungu. Bushra anavomera ndi mtima wonse, koma anawonjezera kuti Mulungu yemweyo ndiye anaunjika miyala m'khwawamo, ndipo sakukhulupirira kuti anaitumiza kuti anthu azingoiyang'ana.

"Alamu, ndiuzeni chinthu chimodzi basi," anatero potsiriza. "Pamzere uja, mng'ono wanu ali pati?"

"Ngwamba," a Idrissa anakana m'Chiyao, monga ankachitira nkhani ikawafika pakhosi. "Zimenezo si za amayi. Inu muzingomupempherera kunyumba, duwa imafika."

Bushra anadzuka n'kusasa chitenje. Anapsa mtima, komanso anachita manyazi kuti wagwada pansi kupempha malo a mwamuna wake yemwe ngati akupempha mchere.

Madzulo ake anakafotokozera Ella, mnzake woyandikana naye nyumba, mayi wa Mvano ku CCAP yemwe naye anali wamasiye. Ella anagwira pakamwa. Iye manda a mwamuna wake ankawadziwa ngati khonde lake, ankakalimira chaka ndi chaka, ndipo nthawi zina ankakawadandaulira za ana. Anadzipereka kuti alowa naye, koma Bushra anakana. Anati mlandu wa mkazi mmodzi wolowa kumanda ndi wokwanira, asawonjezerepo wa Mkhristu. Anagwirizana kuti Ella azithandiza kusankha miyala m'khwawa, malire ake akhale gombe.

M'mawa mwake Bushra sanakwere phiri. Anasamba monga amasambira popita kukaswali kumzikiti, anamanga mpango woyera, anapinda nkhata yake yosenzera nkhuni, n'kutsikira m'khwawa. Anasenza mwala woyamba, anakwera nawo pomwe gombe linali lotsetsereka, n'kuponda dothi lomwe mkazi wa m'dera limenelo sanapondepo. Anaima kaye kupereka salamu kwa eni ake ogona pamenepo. Palibe chinachitika. Nyenje zinapitiriza kulira, dzuwa linapitiriza kumenya.

Chomwe sanayembekezere ndi chakuti mtima wake sumuuza kanthu. Usiku wonse anali atadziuza kuti akangoima pafupi adzadziwa, chifukwa munthu amene wagona naye mphasa imodzi zaka zonsezo sangakubisale. Koma mitumbira ya mzere wa kugombe inali yofanana yonse, milu ya dothi lofiira yopanda dzina, ina yophwa, ina yomera khovani wouma. Anayenda kuchoka kumtunda mpaka kumunsi, n'kubwereranso, akumvetsera m'chifuwa mwake. Munali zii. Analira pang'ono, chifukwa zinamupweteka kwambiri, kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Ngati amuna safuna kumuuza mmodzi, ndiye atchinga mzere wonse.

Nzeru yake inali iyi: dothi la kunja kwa mng'alu linali lotayika kale, choncho khoma limangidwe mkati, pa nthaka yolimba, moyandikana ndi mitumbira, maziko ake akumbidwe mozama kuti gombe likagwa khomalo litsale chilili. Choyamba panafunika miyala, yambiri. Masiku anatsatana Bushra akutsika ndi kukwera, Ella akumusankhira yafulati pansipo, mulu ukukula pakati pa manda. Ankagwira dala dzuwa lili paliwombo, aliyense akuona, chifukwa ankadziwa zomwe anthu amanena za munthu wopezeka kumanda kukachita mdima. Thukuta linkalowa m'maso, miyala inkatentha moti kuigwira ndi manja kunkafuna chigamba, ndipo tsiku lina anaona chidima n'kukhala pansi osafuna. Anamwa madzi a m'kabotolo omwe anali atafunda ngati tiyi, n'kudzukanso.

Nkhani inafala msanga kuposa moto wa m'phiri. Pamjigo amayi ena ankati dzuwa lamulowa m'mutu, ena ankati akufuna zizimba za bizinesi, ndipo ena ankangokhala chete chifukwa nawonso anali ndi amuna ndi ana pamzere womwewo. A Shehe anatumiza uthenga kuti akufuna kumuona. Bushra anapita, anakhala pansi mwaulemu, anamva zonse zokhudza mwambo ndi zakuti akuchititsa manyazi amuna a mumpingo. Atafunsidwa kuti ayankhe, anati alibe mkangano ndi mwambo, ndipo tsiku lomwe amuna adzalowe kumandako ndi makasu iye adzatuluka n'kukawaphikira thobwa. A Shehe anali munthu wabwino, wotopa ndi kutentha ngati wina aliyense. Anati akambirana ndi komiti. M'mawa mwake Bushra anali m'khwawa.

Wina amene anayesa mwayi wake ndi Nasoro, wogulitsa nsapato za kaunjika mumsika wa Zomba, yemwe anaima tsidya lina la khwawa tsiku lina n'kuyamba kulalikira. Anati n'zoseketsa kuona munthu amene wameta phiri mpala ndi chikwanje chake akulira kuti madzi akutsika mwaukali. Bushra anatula mwala. Sanakane. Anati inde, phirilo walitsitsa pamutu kwa zaka zambiri, ndipo nthambi iliyonse inathera pansi pa chiwaya cha tchipisi chomwe Nasoro amadya masana aliwonse osafunsa kuti moto wachokera kuti.

"Gawo langa ndikulidziwa, achimwene, ndipo ndi ili ndikulisenzali. Koma nyanja ya ku Mozambique sindinaiwiritse ine ndi nkhuni zangazi. Oiwiritsawo ali kwawo, akupuma mphepo ya makina. Inu ngati mwabwera kudzaweruza, tsikani muweruze mutanyamula mwala."

Nasoro anakumbukira kuti wasiya nsapato ndi munthu wosadalirika.

Mulu utakwana, Bushra anabwera ndi khasu ndi fosholo yobwereka. Anayamba kukumba ngalande ya maziko m'mphepete mwenimweni mwa mitumbira, mbali ya kukhwawa, akusamala kuti khasu lisakhudze mtumbira uliwonse. Dothi linali gwa, koma pang'onopang'ono analowa mpaka m'mawondo, tsiku linzake mpaka m'chiuno. Anali wokondwa. Kwa nthawi yoyamba ntchito yake inkaoneka ngati chinthu chokhala ndi mutu.

A Idrissa masiku onsewa ankamuonera patali, ataima kuseri kwa mzikiti ngati akuyang'ana mbuzi zawo. Miyala sinawadetse nkhawa, ankati atopa yekha. Koma tsiku limenelo ataona dothi lofiira likuuluka kuchokera pamzere wa kugombe, ndi Bushra atamira m'dzenje mpaka m'chiuno, anathamanga. Bondo lovuta lija analiiwala. Anafika akupuma mwabefu n'kugwira mpini wa khasu uli m'mwamba.

"Imani, alamu! Musakhomenso pamenepo."

Bushra anakoka khasu lake, akuganiza kuti abwera kudzamutulutsa. Koma nkhope ya a Idrissa sinali ya munthu wokwiya, inali ya munthu wamantha. Anakhala pansi pa mulu wa dothi, ndipo ali pomwepo anamuuza zomwe amuna a kumeneko sauza akazi, osati chifukwa n'zachinsinsi kwenikweni, koma chifukwa palibe anaganizapo kuti mkazi angadzazifune. Anati munthu sagona pansi penipeni pa mtumbira wake. Dzenje likafika pansi, okumba amaboola kachipinda m'mbali, mbali yoyang'ana ku Makka, ndipo mmenemo ndi momwe amamugoneka chammbali atakulungidwa mu sanda, nsalu yoyera ya maliro, n'kutsekapo ndi timitengo dothi lisanabwezedwe. Kuno kwathu ku Makka ndi kumpoto, ndipo kumpoto kwa manda amenewa ndiko kuli khwawa. Onse a pamzerewo anagona kunja kwa mitumbira yawo, pansi penipeni pa ngalande ya Bushra. Akanangokumba pang'ono, akanagwera m'chipinda cha munthu.

Bushra anatuluka m'dzenjemo ngati mwalowa njoka. Anayang'ana mapazi ake, anayang'ana khasu, n'kupempha chikhululuko kwa Mulungu ndi kwa amene anatsala pang'ono kumuvundukula. Mantha atatsika, m'malo mwake munabwera ukali. Anati zaka zonsezi wasambitsa nawo maliro a amayi anzake, waphika nawo mpunga wa sadaka mpaka maso kufiira ndi utsi, koma palibe ndi mmodzi yemwe anamuuzapo momwe iye mwini adzagonere. Anati akanauzidwa tsiku lomwe anagwada pansi pa mango paja, miyala yonseyi sakanaikweza pamwamba pachabe.

"Tsopano ndalowa kale, alamu. Choletsa chatha. Ali pati?"

A Idrissa anatola kadothi n'kukafikisa m'manja. Anayang'ana kumunsi kwa mzere, komwe mitumbira itatu yomalizira inayandikana kwambiri ndi gombe. Analankhula motsitsa, ngati akuopa kuti ogonawo amva. Anati chaka cha Freddy madzi anasefukira pamwamba pa mzere wonsewo, anakokolola timatabwa ta mayina n'kusalaza mitumbira. Amuna atabwera kudzaunjikanso dothi anakangana, wina akuti apa, wina akuti apo, ndipo mtengo womwe iwo ankawerengera nawo unali utapita.

"Ali mwa atatu awa. Sindikudziwa kuti ndi uti. Ndinamugoneka ndi manja angawa, mwana wa mayi anga, ndipo sindikudziwa."

Bushra anafuna kuwakalipira, mawu anali okonzeka kale pakamwa, koma anaona kuti bamboyu wakhala akusenza chinthu cholemera kuposa miyala yake, ndipo wachisenza yekha. Chisoni chinamugwira, cha iwo ndi cha iye mwini.

"Ndiye atatu onsewa ndi amuna anga," anatero. "Akomiti akakhale pansi pa nkhani imeneyonso."

A Idrissa anaseka asakufuna, misozi ili m'maso. Anavula chipewa, anapinda malaya, n'kutenga fosholo kuyamba kukwirira ngalande ija.

Ntchito inayambiranso, ndipo inakula. Khoma tsopano linayenera kumangidwa kuchokera pansi pa khwawa, kutsamira gombe, kuti ligwire dothi lonse ndi zipinda zake. Miyala yomwe Bushra anaikweza ndi khosi lake inayenera kutsikanso ndi khosi lomwelo. Anatukwana pang'ono chamumtima n'kupindanso nkhata. A Idrissa ankayala miyala, Ella ankathira timiyala ndi dothi kuseri kwake, Bushra ankasenza. Lachisanu lina amuna angapo anabwera atatuluka mumzikiti, anagwira ntchito yooneka, koma dzuwa linawabalalitsa nthawi ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, isanakwane, ndipo ambiri sanabwerenso. Za mkazi wolowa kumanda palibe anazitchula pamaso pa a Idrissa.

Pa chinthu chimodzi awiriwa anakangana kwambiri. Bushra ankafuna ayambire kumunsi, pa mitumbira itatu ija. A Idrissa anati madzi amamenya kumtunda, pomwe khwawa likukhota, ndipo akapanda kutseka kumeneko madziwo adzalowa kuseri kwa khoma n'kulinyamula lonse, amuna ake atatu aja n'kupita limodzi ndi ena onse. Bushra anazungulira, anayeza ndi maso, anafunafuna powatsutsira, koma sanapapeze. Anavomera mokwiya, ndipo tsiku lonselo sanawalankhule. Kuyambira pamenepo ankasenza ngati wothamangitsidwa, maso ali kuphiri, komwe mitambo inkaunjikana masana aliwonse n'kubalalika osagwetsa kanthu.

Disembala analowa kukadali ng'amba. Anthu omwe anadzala ndi kamvula konyenga ka mu Novembala anali atalira kale mbewu zawo. Khoma linali litadutsa pakati pa mzere, lalitali kufika paphewa, ndipo linkatsika pang'onopang'ono kulowera kumunsi. Pa mtumbira woyamba mwa itatu ija linafika m'chiuno, pa wachiwiri m'mawondo. Pa womaliza panali mzere umodzi wokha wa miyala ya maziko.

Tsiku lomwe mvula inabwera kunacha kotentha moti mpweya unkakanirira pakhosi. Itangopitirira nthawi ya nkhomaliro phiri linasowa. Mtambo wakuda unalimeza kuyambira pamwamba mpaka m'munsi, mphepo inatembenuka n'kubwera yozizira, yonunkhira dothi, ndipo malata a m'Sadzi anayamba kulira. A Idrissa anati atuluke m'khwawa. Bushra anati mwala umodzi wokha. Anaika umodziwo, n'kuthamangira wina, mpaka Ella anamugwira dzanja n'kumukokera kugombe. Madontho oyamba anali akuluakulu, otalikirana. Kenako kumwamba kunangotseguka.

Ella anathawira kwawo kukaona denga. A Idrissa anabisala pakhonde la mzikiti n'kumakuwa kuti Bushra abwere. Iye sanapite. Anaima pakati pa manda, chitenje chitamatirira thupi, akuyang'ana khwawa. Poyamba munkayenda timadzi tofiira tonyamula mapepala ndi zinyalala. Kenako anamva mkokomo kumtunda, wosiyana ndi bingu chifukwa sunkatha, ndipo nthaka inanjenjemera kumapazi. Madzi anatulukira pokhota paja ali chiimire, amatope, atanyamula zitsa ndi miyala yomwe inkagundana mkati mwake. Anamenya khoma ndi mphamvu yonse, anakwera, analavula thovu pamwamba pake, ndipo khomalo linagwira. Bushra anakuwa mawu omwe iye mwini sanawamve.

Koma madzi akalephera pakhomo amafuna kuseri. Anatsetsereka motsatira khomalo mpaka pomwe linafupika, anadumpha miyala ya m'mawondo ija osaigwetsa, n'kukazungulira kumapeto komwe kunalibe chowaletsa. Bushra anaona gombe la pamenepo likudyeka pansi, chibuma ndi chibuma. Mng'alu uja unayasama. Mtumbira womaliza unapendekeka pang'onopang'ono, ngati ukuganiza kaye, kenako unatsetsereka wonse ndi dothi la pansi pake n'kulowa m'madzi. Panalibe choti aone, matope okhaokha. Anathamangira komweko, ndipo akanapitirira a Idrissa akanapanda kufika n'kumugwira mkono. Anaima awiriwo mvula ikuwakwapula mpaka madzi anayamba kuphwa. Mitumbira iwiri inatsala, wachiwiriwo uli m'mphepete mwenimweni.

Mvula itakata, amuna anatsata khwawa ndi makasu mpaka komwe limathira mumtsinje wa Likangala, akuyang'ana m'matope ndi m'zitsamba zogonekedwa. Anabwerako manja ali lende. Kumunsi madzi anali atagwetsa nyumba zingapo ndi kukokolola minda, ndipo aliyense anali ndi chake cholira. Bushra anakhala pakhonde pake osadya. Ella anamubweretsera phala, linazizira pomwepo.

M'mawa mwake kunacha koyera, phiri likuoneka pafupi, mitsinje yoyera ikutsika m'matanthwe ake. Pawailesi ankati mvula ina yamphamvu ikubwera sabata lomwelo. Amuna a mumpingo anasonkhana kumanda ndi a Shehe, ataima mozungulira pomwe panagumuka, akulankhula motsitsa. Ena ankagogoda khoma ndi phazi n'kumagwedeza mutu kuti lalimba. Ali choncho anaona Bushra akubwera, mpango woyera kumutu, nkhata m'manja. Sanazungulire. Anadutsa pakati pawo, anapereka salamu kwa amoyo ndi kwa ogona, n'kukaima pa mitumbira iwiri ija.

A Idrissa anamuyandikira. Maso awo anali ofiira. Anati aganiza kwambiri, ayesa kukumbukira tsiku la maliro, komwe kunali dzuwa ndi pomwe anaponda potsikira m'dzenje, ndipo akuona ngati amene wapitayo angakhale...

"Ayi, alamu," Bushra anawadula. "Dzana simunkadziwa. Lero musayambe kudziwa."

Bushra anayang'ana pogumuka paja. Nayenso anali ataganiza zomwezo ndipo ankadziwa kuti adzaziganiza mpaka tsiku lake lomaliza.

"Amene wapitayo Mulungu akumudziwa dzina, ndipo amupeza komwe madzi amusiya. Shamsu ali mwa awiriwa. Madziwa akamufuna adzabwerenso, adzandipeza pano."

Pa mulu wake wakale panali patatsala miyala yowerengeka, ikuluikulu, yomwe ankaizemba masiku onsewa chifukwa cha kulemera. Anaika nkhata pamutu, anasankha waukulu kwambiri, anagwada n'kuugwira mbali imodzi.

"Nditwikeni."

A Idrissa anayang'ana a Shehe, anayang'ana amuna anzawo, kenako anawerama n'kugwira mbali inayo.